Mafunso ndi mayankho okhudza mafilimu akale a makauboyi opangidwa ndi ndalama zochepa

Pakati pa 1930 ndi 1954, makampani a ku Hollywood, makamaka ang'onoang'ono, anatulutsa mafilimu a makauboyi oposa 1,000 amene ankajambulidwa m'masiku owerengeka ndiponso ndi ndalama zochepa kwambiri. Ambiri mwa iwo akupezeka lero pa intaneti, ndipo amene amawaonera koyamba amakhala ndi mafunso ofanana. Pali zolakwika zimene zinabwera chifukwa cha kusowa ndalama, zomwe munthu angathe kuzikhululukira, ndipo pali zina zimene ndalama sizikanazikonza chifukwa zinachokera m'maganizo a opanga mafilimuwo. Mayankho ali m'munsiwa akuyesa kusiyanitsa mitundu iwiriyi.

Kodi mafilimu amenewa ndi ati kwenikweni?

Ndi mafilimu aafupi, otenga pafupifupi ola limodzi, amene nkhani yake imachitikira kumadzulo kwa dziko la America, kudera la oweta ng'ombe, la migodi ya golide ndi la matauni a msewu umodzi. Anachuluka m'zaka za m'ma 1930, pamene chuma cha America chinagwa ndipo anthu anayamba kuumira ndalama zolowera ku kanema. Eni nyumba zoonetsera kanema, pofuna kukopanso anthu, anayamba kuonetsa mafilimu awiri pa tikiti imodzi. Yoyamba inkakhala yodula, ya osewera otchuka, pamene yachiwiri, imene ankaitcha filimu ya B, inkangofunika kudzaza nthawi. Mwini nyumba ankalipira filimu yachiwiriyi mtengo wokhazikika, kaya anthu abwere ambiri kaya ochepa, choncho wopanga ankadziwiratu ndalama zimene adzapeze. Njira yokhayo yopezera phindu inali kuchepetsa zimene akuwononga. M'matauni ang'onoang'ono a kumwera ndi kumadzulo kwa America, filimu ya makauboyi ndiyo inkakhala yaikulu ya Loweruka masana, ana atadzaza mipando yakutsogolo.

Ndani ankawapanga, ndipo ankawononga ndalama zingati?

Makampani odziwika kwambiri anali Monogram, Mascot, Republic ndi PRC, ngakhale kuti makampani akuluakulu monga Columbia, Universal ndi RKO nawo anali ndi magulu awo opanga mafilimu otere. Republic inakhazikitsidwa mu 1935 ndi Herbert J. Yates, mwini fakitale yotsuka mafilimu, amene anasonkhanitsa timakampani tingapo timene tinali ndi ngongole kwa iye n'kupanga kampani imodzi. Maofesi a opanga mafilimu osauka anali ambiri cha ku Gower Street ku Hollywood, ndipo amuna odziwa kukwera mahatchi, ena mwa iwo abusa enieni a ng'ombe amene ntchito inawathera, ankadikirira ganyu ya tsiku pamphambano ya msewu umenewu ndi Sunset Boulevard atavala kale zipewa ndi nsapato zawo.

Chitsanzo chabwino cha mitengo ndi mafilimu a wosewera wotchuka John Wayne. Filimu yake yoyamba yaikulu, ya mu 1930, inaluza ndalama, ndipo iye anakhala zaka pafupifupi 9 akusewera m'mafilimu otchipa. Pakati pa 1933 ndi 1935 anapanga mafilimu 16 a kampani ya Lone Star, imene inkagulitsa kudzera ku Monogram, ndipo iliyonse inkadya madola osapitirira kwenikweni 15,000. Filimu ya Stagecoach, yotsogoleredwa ndi John Ford, imene inamutulutsa m'gulu limeneli mu 1939, inadya madola oposa 500,000.

Filimu yathunthu ingajambulidwe bwanji m'sabata imodzi?

Inkatheka chifukwa palibe chimene chinkabwerezedwa popanda chifukwa chachikulu. Gulu linkanyamuka kusanache kuti likagwiritse ntchito dzuwa lonse, popeza magetsi owunikira anali odula, ndipo wosewera akaphonya mawu pang'ono, wotsogolera filimu ankangopitiriza. Zochitika za usiku zinkajambulidwa masana, kamera itaikidwa galasi lodetsa kuwala, n'chifukwa chake munthu amaona zigawenga zikuzemba "usiku" zithunzithunzi zawo zili bwinobwino pansi ndipo mitambo ikuwala kumwamba. Malo ojambulira anali omwewo nthawi zonse, onse ku California: miyala ikuluikulu ya ku Iverson Ranch ku Chatsworth, tauni yamatabwa ya ku Corriganville ku Simi Valley, ndipo ndalama zikalola, mapiri a Alabama Hills pafupi ndi Lone Pine. Wozolowera mafilimuwa amafika pozindikira mwala umodzi umene makauboyi anabisalapo m'mafilimu makumimakumi, ngakhale nkhani ikunena kuti kuno ndi ku Texas, uko ndi ku Arizona.

Njira ina inali kubwereka zidutswa za mafilimu akale. Mu 1932 ndi 1933, kampani ya Warner Bros. inapanga mafilimu 6 a John Wayne, ambiri mwa iwo pogwiritsa ntchito zidutswa za mafilimu opanda mawu a Ken Maynard, amene anali katswiri wokwera hatchi. Wayne ankavekedwa zovala zofanana ndi za Maynard ndi kupatsidwa hatchi yoyera yofanana ndi ya mnzakeyo, kuti kamera ikakhala patali aoneke Maynard akuthamanga, ikayandikira ioneke nkhope ya Wayne. Otsogolera mafilimu nawo ankagwira ntchito mosapuma. Sam Newfield anatsogolera mafilimu oposa 250, ndipo ku PRC ankalembanso mayina ena, Sherman Scott ndi Peter Stewart, kuti anthu asaone kuti mafilimu ambiri a kampaniyo akuchokera kwa munthu mmodzi.

Ngati ankapangidwa mothamanga chotere, n'chiyani chinkakopa anthu, ndipo n'chiyani chikukopabe ena lero?

Choyamba ndi chakuti zimene maso akuona zinachitikadi. Kunalibe kompyuta yoti ijambule munthu akugwa, choncho munthu akadumpha kuchoka padenga n'kutera pamsana pa hatchi, kapena akalumpha kuchoka pa hatchi yothamanga n'kugwira ngolo, panali munthu wamoyo amene anaika khosi lake pachiswe. Wotchuka kwambiri pa ntchito imeneyi anali Yakima Canutt, amene anayamba monga katswiri wa mipikisano yokwera mahatchi olusa. M'mafilimu a Lone Star ankasewera ngati chigawenga, komanso ankalowa m'malo mwa Wayne pa zoopsa, moti nthawi zina wothamangitsa ndi wothamangitsidwa anali munthu yemweyo. Chimene anachita mu Stagecoach chimaonetsa luso limene analinola m'mafilimu otchipa: anadumphira pa mahatchi akutsogolo okoka ngolo, n'kugwera pakati pawo, kukokedwa pansi atagwira mtanda wa ngolo, kenako n'kusiya kuti mahatchi onse 6 ndi ngolo yomwe zimudutse pamwamba. Iye ndi Wayne anathandizanso kukonza njira yojambulira ndewu imene ikugwiritsidwabe ntchito, yoti chibakera chidutse pafupi ndi chibwano, kamera ili pamalo pamene mpata wotsalawo suoneka, womenyedwayo n'kudziponya kumbuyo, phokoso n'kuwonjezedwa pambuyo pake. Mu 1967 Canutt anapatsidwa mphoto yapadera ya Oscar.

Chachiwiri ndi liwiro. Filimu ya mphindi 55 ilibe nthawi yoti anthu azikambirana za mumtima mwawo, ndipo pofika mphindi yachisanu wina amakhala ataba kale ng'ombe kapena ataombera wonyamula makalata. Kampani ya Republic inali patsogolo pa izi, chifukwa inkaika kamera pa galimoto yoyenda limodzi ndi mahatchi, woonera n'kumaona mphuno za hatchi zikutukumuka ndi fumbi likuwuluka kumapazi, m'malo moonera patali. William Witney, mmodzi wa otsogolera a kampaniyi, ankadula ndewu m'tizigawo tatifupi n'kujambula kalikonse pakokha osewera akadali ndi mphamvu, ndipo ndewu zake zimaposa za m'mafilimu ambiri odula a nthawi imeneyo.

Chachitatu, chimene ambiri sachiona msanga, ndi mtundu wa munthu woipa. Kawirikawiri mtsogoleri wa zigawenga sanali wakuba wa m'tchire, koma munthu wovala suti wa m'tauni: mwini banki, loya, kapena wamalonda amene wamva kuti njanji idutsa pamunda wa mkazi wamasiye kapena kuti pansi pake pali mafuta, ndiye akutseka madzi kapena kukweza ngongole kuti alande malowo. Alimi a ku Oklahoma, Kansas ndi Texas amene minda yawo inkalandidwa ndi mabanki m'zaka za chilala cha m'ma 1930 ankamudziwa munthu ameneyu, ndipo kumuona akumangidwa ola lisanathe kunali chitonthozo chenicheni. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona mphamvu ya mafilimuwa, kuposa mfuti ndi zipewa.

N'chifukwa chiyani makauboyi ena ankaimba?

Akuluakulu anati ukaipa nkhope dziwa nyimbo, ndipo makampani osauka anachitadi zimenezo. Nyimbo zitatu kapena zinayi zinkadzaza mphindi zingapo popanda kubwereka mahatchi ambiri kapena kuwotcha nyumba, komanso zinkakopa amayi ndi anthu akumidzi amene ankawadziwa kale oimbawo pa wailesi. Gene Autry anayamba kutsogolera mafilimu a Republic mu 1935, Roy Rogers mu 1938, ndipo onse awiri anafika pokhala m'gulu la osewera obweretsa ndalama zambiri m'dziko lonse la America. Mafilimu a Autry ambiri amachitika m'nthawi yake yomwe, moti muli magalimoto, mawailesi ndi ndege pamodzi ndi mahatchi, zimene zimadabwitsa woonera watsopano. John Wayne nayenso anayesedwa kukhala kauboyi woimba mu 1933, koma mawu oimbawo anali a munthu wina, ndipo posakhalitsa anaisiya njira imeneyi.

Ndi zolakwika ziti zimene woonera amaziona msanga?

Nkhani zimabwerezedwa kwambiri, moti ukaonera mafilimu khumi umakhala waona pafupifupi zonse zimene olemba anali nazo. Mfuti yolowa zipolopolo 6 imalira kakhumi osaikamo zina, chipewa sichigwa pa ndewu, malaya a ngwazi sada, ndipo woomberedwa amagwa popanda magazi, mwa zina chifukwa cha malamulo oletsa zonyansa m'mafilimu amene anayamba kutsatiridwa mwamphamvu mu 1934. M'mafilimu a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 mulibe nyimbo zoperekeza zochitika, ndipo mawu amamveka mosalongosoka chifukwa makina ojambulira mawu anali atsopano ndiponso ovuta kunyamula kutchire. Osewera ena anali odziwa hatchi kuposa kuyankhula. Munthu woseketsa woyenda ndi ngwazi, monga Gabby Hayes kapena Smiley Burnette, nthawi zina amakometsa filimu, nthawi zina amangoichedwetsa. Mkazi amakhala mwana wa mwini famu kapena mphunzitsi, ndipo ntchito yake ndi kupulumutsidwa, ngakhale kuti mmodzi wa olemba nkhani zambiri za Republic, Betty Burbridge, anali mkazi.

Mawu akuti wabwino amavala chipewa choyera, woipa chakuda, si oona nthawi zonse. William Boyd, amene anasewera ngati Hopalong Cassidy m'mafilimu 66 pakati pa 1935 ndi 1948, ankadziwika ndi zovala zakuda. Zolakwika zonsezi ndi zipsera za umphawi ndi changu, ndipo sizivulaza munthu aliyense.

Kodi mahatchi amene amaoneka akugwa ankavulala?

Inde, ndipo ichi si cholakwika chongochiseka. Njira yofala yogwetsera hatchi, yotchedwa Running W, inali yomanga waya kumiyendo yake yakutsogolo, kuudutsitsa pa mphete ya pamimba, mbali inayo n'kuimangirira pa chikhomo chokhomedwa pansi. Hatchi inkathamangitsidwa ndi liwiro lonse, waya ukatha miyendo inkakokedwa mwadzidzidzi, nyamayo n'kugwa chamutu. Wokwera ankadziwa pamene agwere ndipo ankakonzeka, koma hatchi sinkadziwa, ndipo ambiri anathyoka miyendo kapena khosi. Canutt, amene tamuyamikira pamwambapa, nayenso ankaigwiritsa ntchito njirayi. Anthu anakwiya kwambiri hatchi itafa pojambula Jesse James ya mu 1939, imene sinali n'komwe filimu yotchipa, itakankhidwira m'madzi kuchokera paphompho. Kuyambira mu 1940 bungwe la American Humane Association linapatsidwa mphamvu yoyang'anira nyama pojambula mafilimu a ku Hollywood, ndipo makampani anayamba kuphunzitsa mahatchi kugwa okha pamalo pofewetsedwa. Kusiyana kwake kumaoneka: hatchi yophunzitsidwa imatembenuza mutu n'kugwera chammbali, pamene yokoledwa ndi waya imagwa chakutsogolo n'kugubuduka.

Kodi mafilimuwa amanena zoona za mbiri ya kumadzulo kwa America?

Ayi, ndipo cholakwika chachikulu chili pano. Nthawi yoyendetsa ng'ombe mitunda italiitali kuchokera ku Texas kupita ku masiteshoni a sitima a ku Kansas, monga Abilene ndi Dodge City, inatenga zaka pafupifupi 20 zokha, kuyambira cha m'ma 1866. Kauboyi weniweni anali wantchito wa malipiro ochepa, wogona panja ndi wopuma fumbi, ndipo zoopsa zake zinali mitsinje yosefukira ndi ng'ombe zobalalika usiku kuposa zipolopolo. Matauni angapo otchuka anali ndi malamulo oletsa kuyenda ndi mfuti m'kati mwa tauni. Kuomberana kotchuka kwa m'tauni ya Tombstone ku Arizona, pa 26 Okutobala 1881, kunatenga pafupifupi masekondi 30 ndipo kunafa anthu atatu. Kukokomeza kotere n'kozolowereka m'nthano iliyonse.

Chosakhululukika ndi anthu amene anachotsedwa m'nthanoyo kapena kunamiziridwa. Luso loweta ng'ombe pa hatchi, chingwe chokolera ndi chishalo chomwe, zinachokera kwa abusa a ku Mexico, koma m'mafilimu ambiri munthu wa ku Mexico ndi wakuba kapena waulesi. Akatswiri ambiri a mbiri amati pafupifupi kauboyi mmodzi mwa anayi aliwonse pa maulendo a ng'ombe aja anali wakuda. Kunali anthu monga Bass Reeves, amene anabadwa kapolo n'kukhala wapolisi wa boma kwa zaka zoposa 30 m'dera limene lero ndi Oklahoma, ndi Bill Pickett, katswiri wogwetsa ng'ombe pamanja. M'mafilimu a Republic ndi Monogram munthu wakuda akaoneka amakhala wophika kapena wantchito wamantha woti anthu amuseke. Woimba wakuda Herb Jeffries, ataona kuti ana akuda alibe kauboyi wawo, anasewera ngati ngwazi m'mafilimu 4 a osewera akuda pakati pa 1937 ndi 1939, amene ankaonetsedwa makamaka m'nyumba za kanema za anthu akuda chifukwa cha tsankho la nthawiyo.

Eni nthaka a ku America, anthu amene azungu anawapeza m'dzikomo, monga a Apache, a Comanche, a Cheyenne ndi a Lakota, ndi amene analakwiridwa koposa. Amaonetsedwa ngati khamu lopanda mayina limene limazungulira ngolo likukuwa n'kumagwa mmodzimmodzi, popanda kunena kuti malowo anali awo, kuti mapangano amene boma linasaina nawo anaphwanyidwa, kapena kuti asilikali anapha amayi ndi ana ku Sand Creek mu 1864 ndi ku Wounded Knee mu 1890. Zovala za mitundu yosiyana zinkasakanizidwa, ndipo mbali zoyankhula kawirikawiri zinkapatsidwa kwa azungu opakidwa utoto. Iron Eyes Cody, amene anasewera ngati mwini nthaka kwa zaka zambiri, anali mwana wa makolo ochokera ku Italy. N'zoona kuti mafilimu otchipitsitsa sankaonetsa nkhondo zotere kawirikawiri, popeza khamu la okwera mahatchi linkafuna ndalama, ndipo zikafunika ankabwereka zidutswa zakale. Koma makampani olemera ankanena bodza lomwelo ndi ndalama zambiri, zimene zikusonyeza kuti gwero lake silinali umphawi.

Kodi mafilimuwa ankafika kuno ku Africa?

Ankafika, ndipo anakondedwa kwambiri. Makampani a migodi ya kopa ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, ankaonetsa kanema panja m'makomboni a antchito, kumene kunalinso amuna ambiri ochokera ku Nyasaland. Mafilimu a makauboyi ndiwo ankadzaza bwalo. Oonera ankatcha ngwazi iliyonse Jack, kaya wosewerayo ndi ndani, ndipo anyamata ankasema mfuti zamitengo n'kumayenda motsanzira makauboyi m'misewu ya komboni. Akuluakulu a boma la atsamunda ankadula zigawo zimene ankaganiza kuti Aafirika sayenera kuona, mawu a Chingerezi sankamveka bwino pabwalo laphokoso, choncho nkhani inkafika yodukaduka. Chimene chinkatsala ndi chomwe mafilimuwa ankachidziwa bwino, ndicho kukwera hatchi, kuthamangitsana ndi nkhonya. Hortense Powdermaker, katswiri wa chikhalidwe cha anthu amene anachita kafukufuku m'tauni ya migodi ya Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba za chidwi chimenechi komanso za mmene oonera ankakambirana ndi kukuwa filimu ili m'kati.

Nanga mafilimu a makauboyi a ku Italy ali m'gulu lomweli?

Ndi achibale pa nkhani ya ndalama, koma mtima wawo ndi wina. Filimu ya Sergio Leone ya mu 1964, A Fistful of Dollars, inadya madola pafupifupi 200,000, inajambulidwa makamaka ku Spain, ndipo wosewera wamkulu, Clint Eastwood, analandira madola 15,000. Nkhani yake inatengedwa mu Yojimbo, filimu ya ku Japan ya Akira Kurosawa, popanda chilolezo, zimene zinabweretsa mlandu. Itapanga phindu, anthu a ku Italy anatulutsa mafilimu otere mazanamazana m'zaka khumi zotsatira, ambiri akujambulidwa m'chipululu cha ku Almería. Ankajambula popanda kusunga mawu, wosewera aliyense akuyankhula chinenero chake, mawu n'kuikidwa pambuyo pake, n'chifukwa chake milomo ndi mawu sizigwirizana. Ngwazi yake ndi yauve, yadyera ndi yopha mosazengereza, yosiyana kotheratu ndi Autry amene sankasuta kapena kumwa mowa m'mafilimu ake. Nyimbo za Ennio Morricone, za mluzu, zikwapu ndi gitala yamagetsi, zinabadwa mwa zina chifukwa ndalama zolembera gulu lalikulu la oimba kunalibe.

Anatha bwanji?

Zinthu ziwiri zinawamaliza. Mu 1948 khoti lalikulu la America linagamula mlandu umene unakakamiza makampani akuluakulu kusiya umwini wa nyumba zoonetsera kanema ndi kuleka kugulitsa mafilimu m'mitolo, ndipo msika wotsimikizika wa filimu yachiwiri unayamba kufota pamene mitengo yojambulira inkakwera. Kenako wailesi yakanema inalowa m'nyumba za anthu. William Boyd anagulitsa katundu wake kuti agule umwini wa mafilimu a Hopalong Cassidy, n'kuyamba kuwaonetsa pa wailesi yakanema ya NBC mu 1949, ndipo analemera kwambiri. Autry ndi Rogers anatsatira ndi mapulogalamu awoawo. Pofika 1954 mafilimu otsatizana a kauboyi mmodzi analeka kupangidwa, koma osewera, mahatchi, otsogolera ndi miyala ya ku Iverson zinangosamukira ku wailesi yakanema, kumene mu 1959 kunali mapulogalamu a makauboyi oposa 20 madzulo a sabata iliyonse.

Munthu wofuna kuwaonera ayambire pati?

Ambiri a m'zaka za m'ma 1930 ndi aulere pa YouTube ndi pa Internet Archive, chifukwa lamulo la America la nthawi imeneyo linkafuna kuti umwini wa filimu ulembetsedwenso pakatha zaka 28, ndipo makampani amene anali atagwa sanatero. Vuto ndi lakuti makope ambiri ndi otopa, ena anapakidwa mitundu ndi kompyuta kapena kuikidwa nyimbo zatsopano zosagwirizana ndi filimu, ndipo mafilimu ambiri a Rogers ndi Autry anadulidwa kufika pa mphindi pafupifupi 54 kuti akwane pa wailesi yakanema. Ndi bwino kuyang'ana kutalika kwa kope musanayambe, ndi kusankha lakuda ndi loyera ngati filimuyo inapangidwa choncho.

Wofuna kuona luso la Canutt ayambe ndi mafilimu a Lone Star a 1933 mpaka 1935. Wofuna filimu yojambulidwa mwaudongo atenge ya Hopalong Cassidy ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, yojambulidwa ku Lone Pine, kapena ya Roy Rogers yotsogoleredwa ndi Witney cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Amene akufuna kuona pamene filimu ya ndalama zochepa ingafike ikakhala m'manja mwa katswiri afunefune mafilimu amene wotsogolera Budd Boetticher anapanga ndi wosewera Randolph Scott pakati pa 1956 ndi 1960: ambiri sapitirira mphindi 80, ali ndi osewera ochepa, ndipo munthu woipa amapatsidwa nzeru ndi zifukwa zake moti woonera amamumvera chisoni. Makolo oonera ndi ana ayenera kukhala okonzeka kufotokoza za eni nthaka ndi za makauboyi akuda pamene filimu yawanamizira kapena yawasiya, chifukwa filimuyo payokha sidzatero.